Mayina a malo ndi mabwinja a kwathu: tilembe bwanji agogo asanapite nawo?

Mphunzitsi_Wopuma
Moni nonse. Ndabwera ndi katundu wondilemera, mundithandize kusenza. Komiti ya tchalitchi chathu, nthambi ina ya kumunsi kuno kwa Kachindamoto, yandipatsa ntchito yolemba mbiri ya dera lathu. Ndidavomera msanga poganiza kuti ndi zamasabata awiri: chaka chomwe tidamanga tchalitchi, mayina a makatekisiti, basi. Ndiye bambo mfumu adandilola kuona buku lakale la ubatizo. Mapepala ake afiira ngati fodya wa chikopa, ukawatembenuza mwamphamvu amathetheka m'mbali. Pa mzere wolemba mudzi wa wobatizidwa ndapezamo midzi 11 yomwe sindidayimvepo, chonsecho ndidabadwira konkuno ndipo ndili ndi zaka 68. Anyakwawa azindikirapo inayi. Itatu andimasulira ndi gogo wina wosaona yemwe amakhala kuseri kwa chigayo. Inayi yotsalayo palibe akuyidziwa.

Gogoyo adandilozera pomwe padali umodzi mwa midziyo, mdzukulu wake n'kundiperekeza. Pano ndi munda wa thonje. Pali mlambe, mapale ali mbwee m'mizere, ndi maziko a kanyumba ka njerwa zikuluzikulu zosafanana ndi zathu za lero. Akuti idali sukulu ya mishoni. Mwini munda wayamba kale kuzula njerwazo, akumangira khola la nkhumba, ndipo sindingamudzudzule, munda ndi wake.

Ntchito yotere amayigwira bwanji? Ndilembe midzi yokha, kapena ndi madambo, zitsime, miyala ndi mitengo yomwe? Nanga ndikalemba, bukulo likasungidwe kuti?

Kabaza_wa_Golomoti
Aphunzitsi, boma linakupumitsani kuti mupume, osati muziyenda m'minda ya eni kuwerenga mapale kkkk. Koma mukafuna transipoti ndilipo.

NaPhiri_kuJoni
Lembani zonse aphunzitsi, musasankhe. Mayi anga anali ndi minda itatu ndipo uliwonse unali ndi dzina lake. Akati lero tikalima kwakuti, aliyense amadziwa khasu loti anyamule. Atamwalira ndili kuno ku Johannesburg, ndinafika mwambo wa maliro utatha, ndipo pokambirana za minda ine ndi achemwali anga tinangokumbukirapo dzina limodzi. Ena awiriwo pano timangoti "munda wa kumtsinje" ndi "munda wa uko". Zimandiwawa mpaka lero.

Wa_Mapu
Ine ntchito yanga ndi yoyeza malo, ndiye ndithandizepo pa zomwe ndikudziwa. Choyamba, foni yamakono iliyonse ili ndi GPS, chida choonetsa pomwe munthu wayima, ndipo GPS siyifuna bandulo kapena netiweki, imangofuna kumwamba koyera. Mukayima pa bwinjalo, tsegulani mapu, dinani pomwe mwayima, ituluka mizere iwiri ya manambala. Koperani manambalawo m'kope ndi cholembera pomwepo. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, mdzukulu amafufuta zinthu kuti ayikemo nyimbo. Kope silichita zimenezo.

Chachiwiri, yesetsani kupeza mapu akale a boma a 1:50,000, a ku dipatimenti ya Surveys. Amenewo ali ndi mayina a midzi, timitsinje ndi timapiri monga momwe zinaliri zaka makumi angapo zapitazo. Mwina midzi yanu inayi ija ilimo. Koma musawakhulupirire ngati Baibulo. Woyeza malo amafunsa munthu woyamba kukumana naye, n'kulemba zomwe khutu lake lamva. N'chifukwa chake mtsinje umodzi womwewo ena alemba Namikokwe ena Nankokwe, malo amodzi omwewo Mtakataka ndi Ntakataka.

Mdzukulu_wa_Gulupu
Nonse mukuthamangira za GPS koma palibe wanena chinthu chachikulu. Aphunzitsi, pepani ndine mwana kwa inu, koma ndakulira pa bwalo la milandu. Dzina la malo si dzina chabe, ndi umboni wa mwini. Mukangolemba kuti dambo ili ndi la akuti, mawa kope lanulo lidzanyamulidwa kupita nalo kwa a T/A ngati mboni pa mlandu wa malire. Makamaka pano pomwe kuli lamulo la malo a mafumu la 2016 lija, anthu akulembetsa minda, aliyense akusaka pepala lililonse lomuyikira kumbuyo. Inu mudzalemba mbiri ya tchalitchi, anzanu adzawerenga ngati chikalata cha malo.

Kabaza_wa_Golomoti
Apa ndiye mwalasa achimwene. Kwathu anthu anasiyana kuyankhulana chifukwa cha chulu chimodzi.

NaPhiri_kuJoni
Ndiye tisiye kulemba poopa milandu? Milandu ya malire inalipo kope lisanabwere.

Mdzukulu_wa_Gulupu
Sindinati asiye achemwali. Ndati adziwe chomwe agwira m'manja. Kale mkangano wa malire umatha akuluakulu akayenda limodzi n'kugwirizana kuti kuyambira lero malire ndi mtengo uwu. Mawu apakamwa amapindika kuti anthu akhalirane. Cholembedwa sichipindika.

Mtsikana_wa_Chanco
Zikomo aphunzitsi poyambitsa nkhaniyi. Ine ndinaphunzira mbiri ku Zomba ndipo tinkatumidwa kumidzi kukacheza ndi akuluakulu. Chomwe ndinaphunzira movutikira n'chakuti dzina lopanda wolinena lili ngati ndiwo zopanda mchere. Pa dzina lililonse lembani yemwe wakuuzani, mfunda wake, msinkhu wake, ngati ndi mbadwa kapena mkamwini wobwera, ndiponso yemwe iyeyo anamumvera. Mukatero vuto la achimwene a kwa gulupu lichepako, chifukwa kope silinena kuti dambo ndi la akuti, likunena kuti gogo wakuti, tsiku lakuti, anati dambo limatchedwa chakuti.

Komanso ajambuleni mawu pa foni, mutawapempha kaye. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukweza ndi kutsitsa kwa mawu. Mukalemba mtengo, wowerenga sadziwa ngati ndi wa m'tchire kapena wa pamsika mpaka aone chiganizo chonse, ndiye dzina la malo lilibe chiganizo cholithandiza. Ndipo musafunse gogo kuti "nditchulireni mayina akale", angokuyang'anani. Afunseni njira: mukachoka pano kupita kunyanja kukagula usipa kale, mumadutsa pati ndi pati? Mumapumira pati? Madzi mumamwa pati? Mayina amatuluka okha motsatana ngati mikanda pa ulusi.

Musachepetse mapale aja. Dera lanulo si dera wamba. Mankhamba, likulu la a Kalonga a Maravi, ali konko kufupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa Nadzipulu. Akuluakulu ndi amene anasunga dzinalo pakamwa kwa zaka mazana, ndipo a Dr Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja zikuluzikulu, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Munthu wodutsa akanangoona munda. Dzina ndi lomwe linalozera pokumba.

Chimwemwe_Salima
Mbale za ku China nthawi ya a Kalonga? Ndiye zachaina sizinayambe lero eti kkkk

Mtsikana_wa_Chanco
Kkkk koma zija zinali zolimba achimwene. Ndiwonjezere: aphunzitsi musakumbe, ndipo musatole mapale kukasunga kunyumba. Phale likachoka pomwe linali lataya theka la nkhani yake. Lijambuleni pomwepo, muyike cholembera pambali pake kuti kukula kwake kuoneke. Pali lamulo loteteza zakale, Monuments and Relics Act, ndipo oyenera kuwadziwitsa mukapeza chachikulu ndi a dipatimenti ya Museums and Monuments.

Katekisiti_Wakale
Aphunzitsi anzanga, ntchito mwayiyambayi ndi yabwino, Mulungu akupatseni mphamvu. Ndikuuzeni za mabuku a ubatizowo, poti ndidawagwirapo zaka zambiri. Ansembe oyamba a ku Mua, a White Fathers omwe adafika mu 1902, ambiri adali olankhula Chifalansa, ndipo Chichewa ankachilemba ndi khutu la kwawo. Pomwe ife tilemba ch iwo nthawi zina ankalemba tch, pomwe tilemba u iwo ou, nj iwo ndj. Ndiye dzina lomwe likukuzunguzani pa pepala, liwerengeni mokweza kangapo pamaso pa nkhalamba, mwina lidzamveka. Nafenso tidawabwezera: bambo Champmartin anthu adawatcha Chamare, ndipo ndilo dzina la nyumba yosungiramo za chikhalidwe ija ya ku Kungoni, ku Mua komweko. Pitaniko kumeneko. Malowo adawayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976 ndipo asonkhanitsa zambiri za Achewa, Angoni ndi Ayao a dera lomweli.

China, kumbukirani kuti mudzi kale udali anthu, osati malo. Mfumu ikamwalira, kapena imfa zikachuluka, kapena nthaka ikaguga, anthu ankasamuka ndi dzina lawo, kumbuyo n'kutsala bwinja. Nthawi zina mbumba ikagawikana, wotuluka ankayambitsa mudzi m'dzina lake, lakale lija n'kuzilala. Tsono midzi yanu inayi mwina siyidafe. Mwina ili ku Salima kapena kumtunda ku Bembeke ndi mayina omwewo.

Mngoni_wa_paNtcheu
Mukamalemba mabwinja musayiwale malinga. Kwathu kuli malo ena m'munda mwa amalume, mtumbira wautali wozungulira ngati khola lalikulu, pano wafupika ndi makasu koma ukayima pa chulu umaoneka bwinobwino. Akuti anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo. Osandifunsa kuti ankathawa ndani kkkk.

NaPhiri_kuJoni
Tinkathawa inu nomwe, ndipo ng'ombe zathu simunabweze mpaka lero.

Mngoni_wa_paNtcheu
Tinabweza pokwatira alongo anu, n'kutaya ndi chiyankhulo chathu chomwe. Pano tikuyankhula chanu. Mlandu unatha amayi.

Wakumzinda
Ine ndili ndi chenjezo lina. Pali malo omwe dzina lake silitchulidwa pagulu. Aphunzitsi ndinu a mpingo, mulemba buku la mpingo, lidzawerengedwa ndi ana a sukulu. Dambwe musalembe. Msitu wa manda lembani kuti pali manda a mudzi wakuti, basi, zamkati zisiyeni. Mukapita ndi GPS yanu kumeneko musadzati sitinanene.

Mayi_wa_Chigwirizano
Koma zimenezo zikalowa bwanji m'buku la tchalitchi poyamba pomwe? Anakutumani mbiri ya mpingo aphunzitsi, osati ya zinyau ndi makachisi a mizimu. Lembani sukulu ya mishoni ija, matchalitchi akale, manda a akhristu oyamba. Zinazo eni ake alemba okha.

Mtsikana_wa_Chanco
Mayi, mwaulemu ndithu, mukachotsa zimenezo mbiri ya mpingo womwewo siyimveka. Ansembe oyamba ankalimbana ndi chiyani? Sukulu ija anayimanga pamenepo chifukwa chiyani, osati pena? Kawirikawiri yankho lili pa mfumu yomwe inalola ndi mfumu yomwe inakana, ndipo yokanayo inali ndi mzinda. Onani ku Chongoni kumtunda kwa Dedza konko: malo 127 a zojambula pamiyala, UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, zoyera zambiri ndi za Achewa, za chinamwali ndi za gule. Tikanati izi n'zachikunja tisalembe, bwenzi tikuwotchera makala m'mapanga amenewo osadziwa kanthu.

Wakumzinda
Apo ndiye tikusiyana pang'ono achemwali. Zojambulazo azungu anazilemba, inde, koma tanthauzo la zina eni ake sananene, ndipo anachita bwino. Si chilichonse chosungidwa chomwe chimasungidwa pa pepala. Ife tili ndi njira yathu yopatsirana ndipo siyinaduke.

Katekisiti_Wakale
Onse awiri muli ndi mbali. Ine ndikadakhala aphunzitsi ndikadapita kwa eni mzinda ndi nkhuku m'manja, n'kuwafunsa kuti pa malo anu ndilembe chiyani, ndisiye chiyani. Chomwe akana, pa tsambalo palembedwe kuti pano pali malo a mwambo, ofuna kudziwa akafunse kwa mfumu. Safunsa adadya phula.

Wa_Mapu
Ndigwirizane ndi a Wakumzinda pa chifukwa china. Manambala a GPS musawayike pa Facebook kapena pagulu ngati lino. Ine ndaona ndi maso anga zipilala za konkire zomwe oyeza malo akale anamanga pamwamba pa mapiri, zitaphwanyidwa ndi anthu ofuna mekyule. Mulibe mekyule m'menemo, ndi simenti ndi kachitsulo kolozera pakati basi. Phiri lina tinakwera maola awiri n'kupeza dzenje lofika m'chiuno pomwe panali chipilala. Anthu omwewo akamva kuti pali bwinja la azungu, usiku womwewo afika ndi mapiki kusaka ndalama zakale.

Chimwemwe_Salima
Zoona, kwathu anagumula sitolo yakale ya amwenye mpaka pansi, akuti pali chuma chokwiriridwa. Anapeza mabotolo ndi njoka.

Kabaza_wa_Golomoti
Funso langa ndi ili. Mayina atsopano muwalembanso? Ife a kabaza tili ndi mayina athu a masiteji. Pali Pa Netiweki, pachulu pomwe anthu ankakwera kuti foni igwire. Pano nsanja anamanga, netiweki ili paliponse, koma dzina lilipobe. Pali Pa Dibi pomwe ng'ombe zinasiya kusamba ine ndisanabadwe. Pali Pa Admarc pomwe palibenso sikelo.

Mayi_wa_Chigwirizano
Amenewo si mayina, ndi zolozerana za anyamata.

Wa_Mapu
Ndi mayina ndithu mayi. Onse anayamba choncho. Pa Dibi pakutiuza kuti panali ng'ombe zambiri ndi alangizi a ziweto, mdzukulu wa a Kabaza sadzadziwa zimenezo popanda dzinalo. Ndipo dzina silimvera boma. Titalandira ufulu Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Manning inakhala Mchinji, zinatheka. Koma Sharpevale pa njanji yopita ku Salima ija, yomwe inatha kumangidwa mu 1935, ikadali ndi dzina la bwanamkubwa Alfred Sharpe, anthu anangolipinda lilime kuti liwakomere. Monkey Bay nayo, ndi angati amati Lusumbwe?

Mngoni_wa_paNtcheu
Ukanena Lusumbwe pa depoti kondakitala akusiya.

Chimwemwe_Salima
Za njanjizo, sitima ya anthu idzabwereranso liti kuno? Tinkakwera ndi matumba a mpunga pa mtengo wochepa.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za sitima tiyambitsire nkhani yake payokha. Tibwerere kwa aphunzitsi, funso lawo lachitatu silinayankhidwe: buku lisungidwe kuti?

Mtsikana_wa_Chanco
Malo atatu osachepera. Limodzi ku parishi, limodzi kwa a gulupu, limodzi ku sukulu ya pulayimale. Mukatha kulitayipa tumizaninso ku National Archives ku Zomba. Mawu ojambulidwa aja muwatumize kwa anthu awiri atatu odalirika, asakhale mu foni imodzi.

Katekisiti_Wakale
Ndipo la ku parishi lisakhale m'kabati ya pansi. Chiswe sichidziwa Chifalansa kapena Chichewa, chimadya zonse. Ndidaona mabuku a maukwati a zaka khumi atasanduka dothi m'nyengo imodzi ya mvula, pa nthambi ina yomwe sinditchula.

Mphunzitsi_Wopuma
Pepani ndidasowa masiku atatu, ndidali m'midzi. Zikomo nonse, ndawerenga zonse ndipo zina ndayamba kale kuzitsata. Ndagula makope awiri a chikuto cholimba. Njira ya mwana wathu wa ku Chanco yofunsa ulendo yagwira ntchito modabwitsa. Gogo uja nditamufunsa njira ya kunyanja, adatchula malo 23 osapuma, akuwerenga ndi ndodo pansi, mpaka adayimba kanyimbo komwe ankayimba powoloka. Mdzukulu wake yemwe amamuphikira tsiku ndi tsiku adangoti kukamwa yasa, sadamvepo n'limodzi lomwe.

Koma a Mdzukulu_wa_Gulupu, zomwe mudanena zandipeza msanga kuposa momwe ndimaganizira. Pali dambo pakati pa midzi iwiri. A kumtunda amalitchula dzina la gogo wawo, a kumunsi dzina la gogo wawo. Dzulo m'mawa kudabwera mkulu wina wa kumtunda, sadafune ndi mpando womwe, adangoyima pakhomo n'kuti amva kuti ndikulemba malo, ndiye ndilembe dzina loona. Madzulo kudabwera wa kumunsi ndi mawu omwewo, iye adabwera ndi nkhuku. Nkhukuyo ndayibweza.

Mdzukulu_wa_Gulupu
Mwachita bwino kubweza. Tsopano mulemba dzina liti?

Mphunzitsi_Wopuma
Onse awiri, lililonse ndi mwini wake wolinena. Ndipo gogo uja wandipatsa lachitatu, akuti midzi iwiriyo isanabwere dambolo linkatchedwa Chigonanjati. Nditabwerera ku buku la ubatizo ndidapeza kuti umodzi mwa midzi inayi yosowa ija udalembedwa Tchigonandjati. A Katekisiti, mudanena zoona za khutu la Chifalansa. Yatsala itatu. Ndaganiza kuti ndikamaliza ndidzaliwerenge lonse pa bwalo, mafumu onse alipo, aliyense atsutse pomwepo ndisanalitayipe.

Mdzukulu_wa_Gulupu
Kuwerenga pa bwalo kuli bwino, koma musaganize kuti kutha nkhani. Dzina lachitatulo mwangowapatsa funso latsopano: anthu a Chigonanjati anapita kuti, ndipo zidzukulu zawo zikabwera kudzafuna dambo la makolo awo muwayankha chiyani? Ine ndikadali ndi mantha anga.

Wa_Mapu
Aphunzitsi, tatipatseni atatu otsalawo momwe analembedwera. Mayina okha, osati manambala.

Mphunzitsi_Wopuma
Awiri inki idafufutika, ndikuona zilembo zoyamba zokha, ndidzajambula ndikapitanso. Lachitatu likuoneka bwino: Ntsoukamiendo. Lalembedwa kasanu ndi kawiri, zaka zotsatana, kenako osaonekanso.

NaPhiri_kuJoni
Mayo ine. Aphunzitsi, ameneyo ndi Mtsukamiyendo! Thupi langa lachita tsembwe. Mayi anga ankanena mawu amenewo tikabwera kosewera ndi matope, amvekere "pitani pa Mtsukamiyendo musanalowe m'nyumba mwanga." Ine ndinkayesa ndi nthabwala yawo chabe. Ndangoyimbira azakhali anga pompano, ali ndi zaka zopitirira 80 koma mutu uli bwinobwino. Akuti sunali mudzi weniweni, linali dooko pa kamtsinje pomwe anthu ochokera kutali ankatsuka miyendo Lamulungu asanakwere kupita ku Misa, ndipo panali mabanja angapo okhala pomwepo omwe ankasunga mitolo ya anthu apaulendo. Akuti adasamuka chaka china madzi atasefukira. Pamalopo akupadziwa, akuti pali mwala wosalala womwe ankakhulirapo zidendene.

Mtsikana_wa_Chanco
Achemwali musadule foni osawajambula mawu! Afunseninso za minda iwiri ija ya mayi anu.

NaPhiri_kuJoni
Ndawafunsa kale. Limodzi alikumbukira, linalo akuti aganizire usiku uno. Ndikulira ndili pa ntchito, abwana akundiyang'ana.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga, nditumizireni kumbali mudzi womwe azakhali anuwo ali, ndipo muwauze kuti kubwera mlendo Lachinayi. Sindibwera chimanjamanja, ndidzatenga shuga ndi sopo. A Kabaza, mudati mulipo. Lachinayi 6 koloko m'mawa pa Dibi, tidzadutsa kaye pa munda wa thonje uja ndikajambule njerwa zotsalazo khola lisanathe. Mtengo wake ukhale wa munthu wa penshoni.

Kabaza_wa_Golomoti
Mungothira mafuta aphunzitsi, zinazo ayi. Koma Pa Netiweki mulembe, ndipo pa mzere wa wolinena paja muyikepo ine.